Iyawigi wa a Makutu

Pa galaja ya kuseri kwa siteshoni ya mabasi panali makaniko wina amene anthu ankangowati a Makutu. Dzinali silinabwere chifukwa cha kukula kwa makutuwo, ngakhale kuti pamenepanso Mulungu sanaumire: akatembenuka mofulumira, mphepo yake inkazimitsa ndudu ya munthu amene waima pafupi. Dzinali linabwera chifukwa cha ntchito. Amakaniko ena galimoto amaiyang'ana, amaigwiragwira, amaimasula mpaka zitsulo zake mbwee pansi ngati malonda. A Makutu galimoto ankaimvera.

Anali ndi sikuludiraiva yaitali ngati ndodo ya nkhalamba, ya chigwiriro chamtengo chimene chinada bii ndi girizi wa zaka zambirimbiri. Galimoto ikalowa pageti ikutsokomola, iwo ankauza dalaivala kuti asazimitse. Ankatsegula boneti, n'kukhudzitsa nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chigwiriro n'kuchikanikiza pakhutu lamanja, kenako n'kutsinzina. Apo galaja yonse inkati zii. Wodula zitsulo ankaleka, wopopa matayala ankaleka, ngakhale galu wa mlonda ankameza kuuwa kwake n'kudikira.

"Belingi yatopa," ankatero a Makutu maso ali chitsinzinire. "Osati iyi, inayo. Ikulira ngati mwana womanidwa bere."

Akamasula, n'kupezadi kuti ndi yomweyo.

Madalaivala ankalumbira kuti ndege ina itadutsa m'mwamba, a Makutu anaikodola kuti itere chifukwa anamva bauti ikugwedera kuphiko. Akazi awo ankadandaula kuti panyumba pawo sungabise kanthu: supuni ikangogunda m'chitini kukhitchini, bambo ali kuseri kwa nyumba ankadziwa kuti shuga watsala wa mawa lokha. Khutu lamanzere linafooka kalekale, koma iwo analibe nalo ntchito. Ankati limenelo ndi lokongoletsa mutu kuti usapendekeke. Lamanja ndi limene linaphunzitsa ana sukulu, linafolera nyumba malata, linagulira mayi makina osokera.

Ndiye khutu lomwelo, lodyetsa banjalo, linayamba mwano.

Poyamba munkangolira kaphokoso kakang'ono, ziiii, ngati waya wamagetsi. Kenako mawu a anthu anayamba kufika ngati akudzera m'bulangeti. Nthawi zina munkamveka ngati kanthu kakukanda mkati. A Makutu sanauze munthu. Akanauza ndani? Mwini galaja, munthu wa zaka zochepa kuposa iwo amene anthu onse ankamuti abwana, anali atayamba kale kukamba za kamakina kena kooneka ngati foni, kamene ukakalumikiza ku galimoto kamakulembera matenda ake onse. Akayamba nkhani imeneyo a Makutu ankaseka mokweza kuposa aliyense, pobisa mantha. Munthu amene wadyera khutu moyo wake wonse, khutulo likagontha adzadyera chiyani, chigongono?

Lamlungu lina masana kunyumba kunafika alamu awo, achimwene a akazi awo, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito. Ameneyu anali munthu woti sangakupatse moni osakuuza kumene liwu loti moni linachokera. Anakhala pakhonde ndi a Makutu akumwa tiyi, mayi akuanula zovala pachingwe. Pokung'untha ovolosi ya amuna awo, panagwa kachilombo pasimenti: kofiirira, kowonda, kosakwana theka la chala, kumchira kuli timinga tiwiri topindika ngati pulayala.

"Musakaphe, chemwali!" anakuwa aphunzitsi. "Alamu, taonani mnzanu uyu. Wabwera ndi pulayala yake, akufuna ganyu pa galaja."

"Mumuuze kuti malo anatha," anatero a Makutu.

"Mukumudziwa dzina lake pa Chingerezi?"

"Ayambapo achimwene," anatero mayi, n'kulowa m'nyumba ndi zovala zawo.

"Amamuti earwig. Iyawigi. Ndi liwu lakalekale, la Chingerezi cha makolo awo, chimene Angerezi a lero akachimva amangoti kukamwa yasa. Ndi mawu awiri olumikiza. Loyambalo ndi khutu. Lachiwirilo si wigi amene amavala achemwali anga popita kutchalitchi ayi."

"Ndikumva, achimwene!" anakuwa mayi ali m'nyumba.

"Linali liwu lawo la kachilombo kokwawa. Ndiye kuti dzina lonse ndi kachilombo ka m'khutu."

Kapu ya a Makutu inaima m'malere, pakati pa tebulo ndi kamwa.

"Ka m'khutu bwanji?"

"Anthu akale kumeneko ankakhulupirira kuti munthu akagona pansi, kameneka kamalowa m'khutu n'kumaboola mpaka kukaikira mazira muubongo. Mpaka lero, munthu wonong'oneza abwana zoipa za anzake, kapena wotchera khutu nkhani za eni, amamunena ndi liwu lomweli. Koma ndi bodza, alamu. Kachilombo kalikonse kakhoza kusocherera m'khutu mwangozi, koma aka khutu kalibe nalo ntchito, kamangofuna malo onyowa ndi amdima. Ena amati dzinali linabwera chifukwa phiko lake ukalitambasula limaoneka ngati khutu la munthu."

Mbali yomalizayi ya phunziro inafika a Makutu atatuluka kale m'kalasi, pampando patangotsala thupi. Maganizo anali ku galaja. Masana aliwonse akadya, iwo ankayala katoni pansi pa lole yakufa imene inali pafupi ndi mulu wa matayala akale, n'kugona pang'ono. Pamalopo panali ponyowa, panali pamdima, ndipo tizilombo ta mapulayala timeneti tinalipo tochuluka moti tikanatha kutsegula galaja yawoyawo. Nanga ankagonera mbali iti? Yamanja! Khutu pansi, chitseko chotsegula, mlendo n'kulekeranji kulowa?

Mtima wawo unapepuka koyamba m'miyezi yambiri. Kachilombo amachotsa. Ukalamba ndi umene sachotsa.

"Alamu," anatero, "Angereziwo si anthu opusa. Sangapatse chinthu dzina asanaone ndi maso."

"Anthu omwewo gulugufe anamutcha ntchentche ya batala. Inu munamuonapo gulugufe akupaka buledi?"

A Makutu anaseka, koma poseka anali atagwira khutu lamanja.

Makaniko akadwala amadziona ngati galimoto, ndipo matenda a a Makutu anakulira pamenepo. Tsiku lotsatira anadzitsekera m'chipinda chosungira zida, n'kuyatsa tochi pakhutu kuti mlendoyo aone njira yotulukira. Anaima choncho mpaka mabatire anafa. Iyawigi sanatuluke. Ndiye anaganiza mwa ntchito yawo: chinthu chikakanirira m'bowo, umathira oilo. Musaganize kuti anali munthu wosasamala thupi lake. Oilo wakuda wa m'madiramu sanamukhudze. Anatsegula botolo latsopano, la oilo amene amathira m'galimoto za akuluakulu, n'kudzaza kachitini kawo ka mlomo wautali. Anagona chammbali pabenchi, n'kudonthezera m'khutu mwaulemu ngati akudyetsa khanda, n'kutsekapo ndi thonje lopukutira manja.

Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Khutu linayamba kutentha, kenako kupweteka, kenako kutupa mpaka chipewa chinayamba kukhala chopendekeka. Kumva ndiye kunathawiratu. A Makutu anati n'zabwino, ndiye kuti iyawigi akulimbana ndi imfa.

"Abambo," anatero mayi m'mawa wina atanyamula pilo, "pilo uyu ali oilo yekhayekha. Kodi mutu wanu wayamba kudontha ngati injini?"

"Ndi girizi wa m'tsitsi, amayi."

"Tsitsi lake liti?"

Pamutu pa a Makutu panali posalala moti ntchentche ikatera inkatsetsereka n'kuthyoka mwendo. Iwo anangovala chipewa n'kutuluka, akuchita ngati sanamve. Chomvetsa chisoni n'chakuti mawu ena amene mayi ananena pambuyo pake sanawamvedi.

Sabata yomweyo pa galaja panafika mayi wa lole ya mchenga. Anali mayi wamasiye amene amuna ake anamusiyira lole imodzi yokha ndi ana odzaza nyumba, ndipo kuyambira tsiku la maliro loleyo sinagwiridwepo ndi dzanja lina koma la a Makutu.

"Dalaivala wanga akuti kukumveka kugogoda pansipa akamakwera mtunda," anatero mayiyo. "Ine ndati tisapite kokatuta tisanaonane ndi adokotala athu."

A Makutu anachotsa thonje lija mobisa n'kuliponya m'thumba. Anatenga sikuludiraiva, nsonga pa injini, chigwiriro pakhutu. Ululu unawabaya mpaka kudzino. Anatsinzina. Galaja yonse inati zii monga mwa nthawi zonse, galu naye anakhala pansi.

Ziiii.

Anasuntha nsonga. Ziiii. Anaisunthanso. Anayesa khutu lamanzere, lokongoletsa mutu lija, ndipo zinali ngati akumvera khoma. Injini inkanjenjemera m'dzanja lawo, inkalankhula, inkadandaula, mwinanso inkakuwa, koma mawu ake sankafika. Thukuta linatsika kuchokera m'chipewa. Atatsegula diso limodzi anaona anthu onse akuwayang'ana kukamwa, abwana ataima pakhomo la ofesi manja ali m'matumba.

Liwu loti anene linali limodzi lokha, loti sindikumva. Koma linalemera kuposa injini ya loleyo.

"Palibe kanthu, mayi," anatero. "Ndi bauti ya ekizozi yamasuka."

Analowa pansi, anamanga bauti imene inali yomanga kale, lole n'kunyamuka.

Inabwerera masana omwewo ili pachingwe, ikukokedwa ndi lole ina. Injini inali itabooka m'nthiti, chitsulo chitatulukira kunja ngati fupa, oilo akuchucha msewu wonse. Mayi wa lole sanakuwe, sanatukwane. Zikanakhala bwino akanatukwana. Anangoima patsogolo pa a Makutu atapinda manja.

"Inu munati palibe kanthu," anatero. "Akananena wina, ndikanakafunsanso kwina. Koma munanena ndinu."

Mawu amenewo a Makutu anawamva bwinobwino, moti anadabwa kuti adzera pati.

Abwana anawaitanira muofesi n'kutseka chitseko.

"Madala, chikuchitika n'chiyani? Dalaivala wamva kugogoda, wopopa matayala akuti naye anamva ali kumpanda uko. Inu nokha?"

"Muli iyawigi m'khutumu, bwana."

"Muli chiyani?"

"Kachilombo. Angerezi amakadziwa bwino. Katsala pang'ono kutuluka."

Abwana anayang'ana khutu lotupalo, limene tsopano linali litafiira ngati nyali yakumbuyo kwa galimoto.

"Madala, galaja ino anthu amabwera chifukwa cha khutu lanulo, zimenezo sindikana. Koma akhozanso kuthawa chifukwa cha khutu lomwelo. Lolemba mubwere ndi khutu, apo ayi mubwere ndi makiyi a bokosi la zida."

M'mawa mwake a Makutu anachoka panyumba osamwa tiyi. Akazi awo ataona kuti pa pilo tsopano pali mafinya osakanikirana ndi oilo, anathamangira kwa achimwene awo, ndipo awiriwo analondola ku galaja. Anawapeza kuseri, pa makina opopera matayala. Anali atagwira paipi ya mpweya, imene amauzira nayo fumbi m'timabowo ta injini, akuiyesa pachikhatho kuti aone mphamvu yake. Kenako anapendeketsa mutu n'kuyamba kuikweza.

"Alamu!" Aphunzitsi, munthu woti kuthamanga anakusiya ali mnyamata, analumpha matayala awiri n'kutsomphola paipiyo. "Mukufuna ubongo utulukire khutu linalo ukagwere pamsewu?"

"Ndachepetsa mpweya."

"Abambo, mwapenga kodi?" anakuwa mayi. "Mutu wanu si tayala!"

"Kakanirira, amayi. Oilo kamwa, kakungonenepa. Ndikapanda kukatulutsa pofika Lolemba, ntchito yatha."

"Kachiyani?" anafunsa aphunzitsi, kenako nkhope yawo inagwa. "Iyawigi uja? Alamu, ine ndinakuuzani kuti ndi bodza!"

"Munandiuza dzina."

"Ndinakuuzaninso za gulugufe!"

"Gulugufe sakundikanda m'mutu ine."

Anawatengera kuchipatala ali pakati, wina dzanja ili, wina dzanja ilo, ngati wakuba.

Dokotala wa makutu anali mayi wachitsikana, wa msinkhu wa mwana wawo woyamba. Anasuzumira m'khutu ndi katochi kake, n'kununkhiza, n'kubwerera m'mbuyo.

"Bambo, ndani wathira oilo muno?"

"Ndi wabwino, adokotala. Watsopano."

Anawatsuka khutu, n'kuwapatsa mankhwala odonthezera, n'kuwauza kuti abwerenso kutupa kukaphwa. A Makutu anatumiza akazi awo kwa abwana kukapempha masiku ena, abwana anavomera monyinyirika. Tsiku lobwerera litafika, akazi awo ndi alamu awo anawaperekezanso, ndipo dokotala anawalowetsa m'kachipinda kakang'ono kotseka, ka zenera limodzi lagalasi. Anawaveka zomvera m'makutu.

"Mukamva kulira kulikonse, ngakhale kochepa bwanji, mukweze dzanja."

A Makutu anamwetulira. Mayeso amenewa ndiye awo. Munthu amene anakodola ndege angalephere kumva kaphokoso ka m'chipatala? Anakhala tsonga, n'kutsinzina monga amachitira pa injini, dzanja lili chire pabondo. Anamva kulira kwakukulu, anakweza. Kwina, anakweza. Kenako kunati zii, iwo n'kumadikira kuti dokotala apitirize. Anadikira. Anaganiza kuti mwina makinawo awonongeka, mwina awauze kuti awaonere. Atatsegula maso anaona kuseri kwa galasi chala cha dokotala chikudina batani, kudina, kudinanso. Pambali pake panaima mayi, akuyang'ana dzanja la amuna awo lili phee pabondo, iwo atagwira pakamwa.

"Mulibe kachilombo, bambo," anatero dokotala atatuluka. Ankalankhula mokweza, akuwayang'ana kumaso. "Kutupa kuja kunali kwa oilo, ndipo kwatha. Koma kumva kwanu kwadyeka ndi phokoso. Zaka zonsezi mwakhala mukulowetsa kulira kwa injini m'khutu kudzera m'chitsulo. Kumene kwapitako sikubwerera. Kumene kwatsalako tikhoza kukusunga, mukamatseka makutu pa phokoso. Tikhozanso kukupezerani kothandizira kumva anthu akamalankhula. Koma sikuludiraiva ija muileke."

"Adokotala, tayang'ananinso. Kamabisala kameneka. Kamakonda mumdima."

"Ndayang'ana mpaka kumapeto, bambo."

"Mwina kanaona tochi n'kuthawira mkati. Kapena mazira. Alamu, auzeni za mazira zija."

Aphunzitsi anayang'ana pansi. Kuchokera pachipatala mpaka kunyumba sanatchule chiyambi cha liwu ngakhale limodzi, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire chawo. Anadutsa zikwangwani zambirimbiri za Chingerezi ali duu. Pafupi ndi nyumba ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Alamu, ndikanangokhala chete tsiku lija."

"Ayi," anatero a Makutu. "Munandipatsa masabata angapo okhala ndi matenda ochizika. Koma tsiku lina mukadzabwera ndi liwu lanu la Chingerezi, muzidzayambira kumapeto, kumene mumati ndi bodzako."

Anabwerera ku galaja makiyi a bokosi ali m'dzanja. Lole ya mchenga inali pomwe anaisiya, mwini wake atakhala patayala pambali pake monga ankachitira m'mawa uliwonse, ngati munthu wodikirira wodwala. A Makutu anavula chipewa pamaso pa onse.

"Mayi, tsiku lija sindinamve. Sindikumva. Injini yanu ndiimanga ndi manja angawa, abwana akandilola."

Anatambasula dzanja la makiyi. Abwana anawayang'ana makiyiwo, n'kuyang'ana lole, n'kukanda m'mutu.

"Kumanga injini sikufuna khutu, madala. Benchi yakumbuyo ija ndi yanu. Koma zomvera magalimoto pageti zatha."

Kamakina kooneka ngati foni kaja kanabwera mwezi womwewo. A Makutu anasamukira kumbuyo, atavala zotsekera makutu zikuluzikulu ngati woyendetsa ndege. Sikuludiraiva yaitali ija inapita kunyumba, kumene mayi amachirikizira nayo zenera la kukhitchini kuti lisamenyetseke ndi mphepo. Madalaivala atsopano akamva dzina loti a Makutu amayang'ana kukula kwa makutuwo n'kuseka, poganiza kuti nkhani yonse ndi yomweyo. Tsiku lina posuntha tayala lakale, tizilombo ta mapulayala tinabalalika pansi, wopopa matayala n'kukweza jombo.

"Tisiye," anatero a Makutu. "Tinanamiziridwa kale mokwanira."

Injini ya mayi wamasiye anaimanga pang'onopang'ono, chitsulo chilichonse akuchiyeza kawiri, akuchisisita ndi chala ngati akufuna chiwanong'oneze kanthu. Tsiku loiliza, dalaivala anakwera n'kupotokola kiyi. Lole inatsokomola, inagwedezeka, n'kuyamba kulira. Ndipo mwa chizolowezi cha zaka zonse zija, galaja inati zii. Wodula zitsulo analeka, wopopa matayala analeka, galu anakhala pansi. Onse anatembenukira kwa a Makutu kudikira chiweruzo.

Iwo anaika chikhatho pa chitsulo chofundacho. Chinkanjenjemera mosalala, kapena mwina ayi, dzanja silinaphunzire mokwanira kuti linene. Ndiye anakweza maso n'kuyamba kuyang'ana nkhope za anthuwo imodziimodzi, ya dalaivala, ya abwana, ya mayi wa lole, kufunafuna pamenepo ngati injini yawo ikulira bwino.